Mtedza pa Mlatho wa a Nyirenda

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi a Haswell Nyirenda anasoka nsapato mumsika wakale wa pa boma la Lundazi, ndipo zaka zonsezo ankalowa mumsikamo atanyamulidwa.

Miyendo yawo inafota ali mwana. Ankayenda pa njinga ya mawilo atatu yopalasa ndi manja, moti mapewa awo anali a munthu wogwetsa ng'ombe. Kuchokera kunyumba mpaka pamsika sankapempha thandizo kwa munthu. Koma msika umenewu anaumanga anthu akale amene ankayesa kuti aliyense ali ndi miyendo ya mbuzi. Masitolo ake a njerwa zofiira ali pamtunda, ndipo kutsogolo kwake kunkadutsa ngalande yakuya yowolokera pa thabwa limodzi. Njinga ikafika pamenepo, ulendo watha. Amene wayamba kuwaona ankafuula kuti, "Nyamulani a Nyirenda!" Basi, onyamula katundu awiri ankabwera, wina m'khwapa uku, wina m'khwapa uku, wachitatu n'kunyamula njinga.

Anthuwo ankachita izi ndi mtima wabwino, ndipo n'chifukwa chake zinkawawa kwambiri, pakuti munthu amene akukuthandiza sungamukalipire. Chaka china cha mvula mmodzi anaterereka, a Nyirenda n'kugwera m'ngalande chagada, ana a sukulu amene ankadikira nsapato zawo akuona. Anawo sanaseke, ndipo a Nyirenda akanakonda akanaseka.

Ndiye itamveka nkhani yakuti misewu ya kumsika wakale ikonzedwa, kuti okalamba, akhungu ndi olumala aziyenda bwino komanso njinga zamoto zisiye kugunda anthu m'tinjira, bamboyu sanadikire kuitanidwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Analowa m'komiti ya msika, ndipo pamisonkhano yonse ankafika woyamba, atanyamulidwa ndithu, n'kuchoka womaliza. Injiniya amene anatumizidwa anali mtsikana wotchedwa Keziya Mtonga, wa mawu ochepa ndi kabuku kokwinyika. Mwa mwayi, anali injiniya womva.

A Nyirenda anamuuza zonse. Pa ngalande pakhale mlatho wa simenti, ndipo mlathowo upitirire kukwera pang'onopang'ono mpaka pamakhonde a masitolo, popanda masitepe. Ukhale wotambalala kuti njinga ziwiri zizipatukirana. Ukhale wosalala. Ukhale mbali imene dzuwa limawomba tsiku lonse, kuti mvula ikagwa uziuma msanga, usachite ndere. Nthambi ya mtengo wa mango imene ikanaika mthunzi pamenepo anachita kuloza okha kuti idulidwe. Itafika nkhani ya njinga zamoto, a Nyirenda omwewo ndi amene anati ziziima pa bwalo la fumbi la kuseri kwa msika, pakuti bwalolo linkangokhala. Unali mwezi wa Disembala, ndipo m'Disembala bwalo limenelo limangokhaladi.

Mlatho unatha mu Epulo. Tsiku loyamba a Nyirenda anavala malaya a kutchalitchi, napalasa kuchokera pansi mpaka pa benchi lawo popanda dzanja la munthu kuwakhudza. Atafika pamwamba anatsika, n'kukweranso. Amayi ogulitsa tomato analuluta, ndipo kuyambira pomwepo malowo anthu anawatcha mlatho wa a Nyirenda. Madzulo anauza mkazi wawo Tryphena kuti, "Amake Watipaso, munthu wina akadzaninyamulanso, dziwani kuti andipeleka kumanda."

Anakondwa masabata atatu.

M'Meyi mtedza umatuluka m'minda. Amayi a ku Magodi ndi ku Mwase amabwera nawo pa boma m'matumba, woswa kale, kudzagulitsa kwa ogula a masikelo. Ogulawo sanyengeka. Amatapa njere imodzi n'kuiluma, ikapanda kulira m'mano amakankha thumba ndi phazi kuti ngwauwisi. Choncho mayi aliyense wanzeru amayamba wauyanika masiku atatu kapena anayi asanaupereke pasikelo. Kuyambira kalekale ankayanika pa bwalo la kuseri lija. Chaka chino anapeza pali njinga zamoto makumi atatu ndi mafuta akuda ali nyaa pansi. Atayang'ana uku ndi uku anaona simenti yatsopano, yosalala, yotambalala, yopendekera kudzuwa, yopanda ndi mthunzi womwe. Kunena zoona, m'boma lonse la Lundazi munalibe malo oyanikira mtedza okoma ngati amenewo.

Lolemba m'mawa a Nyirenda anapeza mlatho wonse uli wofiirira ndi mtedza, kuyambira pa ngalande mpaka pakhonde. Magazi anawakwera kumutu. Anaimitsa njinga, nakoka mpweya wokwanira kukalipira msika wonse.

"Kodi ni ndani uyu wopanda..."

Mayi amene ankatembenuza mtedzawo atawerama anadzuka. Anali aNyazimba a ku Magodi, amayi ake a Tryphena.

Mawu otsalawo a Nyirenda anawameza. ANyazimba ataona mkamwini wawo anachita zimene akhala akuchita zaka makumi awiri ndi zinayi. Anakoka chitenje kuphimba nkhope, anagwadira kumbali, kenako anakwawira kuseri kwa matumba kuti mkamwini adutse momasuka. Ulemu wonse anapereka. Mtedza wokha ndi umene unatsala panjira.

Kwa amene anakulira kwina, nkhani iyi ndi yochepa: munthu angouza apongozi ake kuti asunthe mtedza. Koma kwawo kwa aNyazimba mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo mawu awo amayenda kudzera mwa munthu wina. Achinyamata a m'tauni ambiri anazisiya zimenezi, koma aNyazimba sanazisiye, ndipo a Nyirenda sakanakhala oyamba kuziphwanya. Nthawi imene ankafunsira Tryphena, amalume onse anakana kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wochita kunyamulidwa. Mayi yekhayu ndi amene anaimirira pakati pa amuna n'kunena kuti wonyamulidwa nayenso ndi munthu. Mkamwini wotani angaime pamsika n'kukalipira mayi woteroyo? Kuponda mtedzawo ndi mawilo nakonso kunali kosatheka. Chakudya cha munthu sachiponda.

Onyamula katundu awiri, Friday ndi Jethro, anali atayamba kale kupukuta manja m'mabuluku. Anali amuna a ndevu zawo, amene anawanyamula a Nyirenda zaka zambiri ndipo ankadziwa pogwira.

"Mwawuka uli, bwana Nyirenda? Tiyeni tikudumphitseni chabe," anatero Friday.

"Musanikhudze."

Anatembenuza njinga n'kubwerera kunyumba, benchi lawo likuoneka poteropo.

Chopweteka china n'chakuti aNyazimba ankagona kwa a Nyirenda komweko, m'kanyumba ka kuseri, monga ankachitira nyengo iliyonse ya mtedza. Masana atabwera kudzadya, a Nyirenda anakokera mkazi wawo kuchipinda n'kulankhula motsitsa mawu.

"Amake Watipaso, kawauzeni amama kuti paja ayanika nshawa zawo ni njila yanga. Nalimbana zaka ziwili kuti imangiwe. Ayanike kwina."

"Kwina kuti?"

"Kulikonse!"

"Pano pa nyumba nkhuku za aneba zimaliza. Ndipo matumba asanu adzawapeleka bwanji kusikelo? Inu mufuna nikawauze amama kuti mkamwini wawo awathamangitsa?"

"Sininakambe kuthamangitsa. Kambani bwino, koma amve."

Tryphena anapita. Khoma la nyumbayo ndi lopyapyala, ndipo a Nyirenda anamva uthenga wawo ukufika. Mkaziyo anayamba ndi kunena kuti atate a Watipaso akupereka moni. Anati akuyamikira kuti mtedza wabereka bwino chaka chino. Kenako, atatsokomola, anati atate a Watipaso lero sanagwire ntchito chifukwa pa mlatho paja akuvutika pang'ono kukwera. ANyazimba anadandaula kwambiri. Anati mkamwini akukalamba, manja ayamba kutopa, amuphikire phala la mtedza. Akale sananame kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. A Nyirenda analuma pilo kuti asafuule.

Lachiwiri anafika pamsika dzuwa litangotuluka kuti awapitirire, koma mayi wa kumudzi sungamulawirire. Mtedza unali utayalidwa kale, ndipo amayi ena awiri a ku Mwase anali atawonjezera wawo m'munsi. ANyazimba anakokanso chitenje n'kubisala. Nsapato za anthu zinali zotsekeredwa m'bokosi pamwamba, eni ake akufunsa. Mphunzitsi wina amene ankafuna nsapato yake pa ukwati wa Loweruka anachita kutsika kudzawafunsa ngati akudwala. A Nyirenda anati inde, chifukwa choona chinali chovuta kufotokoza.

Anapalasa kukafuna Keziya. Anamupeza kumapeto kwa msewu akuyang'anira anthu oika miyala ya m'mphepete.

"A injiniya, mlatho wanga wasanduka mphasa."

"Naona, a Nyirenda," anatero Keziya. "Dzulo amayi oyanika nawauza acotse, anivomela bwino, nitachoka abwezelapo. Ngati komiti ivomela, mawa m'mawa alonda a msika abwele acotse."

A Nyirenda ankawadziwa alonda a msika. Sachotsa ndi manja, amachotsa ndi tsache la waya ndi nsapato zawo zazikulu. Anaona m'maganizo mwawo mtedza wa chaka chonse uli m'ngalande, ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri atagwada m'madzi akuda akutola njere imodzi imodzi.

"Iyayi, alonda ayi."

"Manje nicite bwanji? Niuzeni amene anayambitsa, nikambe naye bwinobwino."

"Siningamuchule."

Keziya anawayang'ana, kenako anatsegula kabuku kake kokwinyika. Sanachite mwachipongwe, koma a Nyirenda akanakonda chipongwe. Anawaonetsa tsamba la msonkhano wa Disembala, pamene panalembedwa kuti bwalo la kuseri silikugwira ntchito iliyonse. M'komitimo munalibe ndi mmodzi yemwe wolima mtedza. Munali eni masitolo, a njinga zamoto, mayi wa salaula wogulitsa zovala zakale ndi a Nyirenda. Amayi a mtedza m'Disembala amakhala ali m'minda akupalira, ndipo palibe anawakumbukira. A Nyirenda, amene chaka chilichonse apongozi awo ankagona kuseri kwa nyumba yawo ndi matumba asanu, nawonso sanawakumbukire.

"Malo ena oyanikila tingapemphe," anatero Keziya, "koma ni nkhani ya caka camawa."

Chaka chamawa! A Nyirenda anabwerera kunyumba osadziwa woti amukwiyire. Anayesa kukwiyira Keziya, sizinagwire. Anayesa Tryphena, Tryphena anawaikira phala la mtedza patsogolo n'kutuluka.

Lachitatu anapeza Friday ndi Jethro ataima m'munsi mwa mlatho ngati asilikali, aliyense ndi kambale ka mtedza m'manja.

"Bwana Nyirenda, nkhani yatha," anatero Jethro akumwetulira. "Amama aja atilemba nchito. Akuti mkamwini wawo asavutike kukwela. M'mawa tikukwezani, madzulo tikutsitsani, ife mbale imodzi imodzi ya nshawa. Apongozi otele ni osowa, bwana."

Anthu ozungulira anavomereza kuti ndi osowadi. Mayi wina wa tomato anati akanakhala apongozi ake bwenzi atamuyanika iyeyo pamodzi ndi mtedzawo. Onse anaseka. A Nyirenda okha ndi amene sanaseke. Anamva manyazi ndi ukali zikusakanikirana m'chifuwa. Zaka ziwiri za misonkhano zinathera apa, kuti azinyamulidwa pamwamba pa mlatho wawo womwe, apongozi akulipira.

Friday atatambasula dzanja, a Nyirenda analikankha. Anamanga buleki, nagwira m'mphepete mwa mpando, n'kudzitsitsa pansi. Chiyambire, anthu anali asanawaonepo bamboyu akukwawa. Anakokera thupi lawo pa simenti yotentha mpaka pamene panayambira mtedza, nayamba kuukankhira kumbali ndi zikhatho, mosamala, osaswa ndi njere imodzi yomwe, kutsegula kanjira kokwana mawilo atatu. Amayi a ku Mwase aja anathamanga kudzawola wawo. Pamene panayambira mtedza wa aNyazimba a Nyirenda anaima, chifukwa umenewo sakanaukhudza mwini wake asanalole. Kuseri kwa matumba kunkaoneka nsonga ya chitenje.

Tryphena kunalibe, ndipo munthu wina wotuma sankamufuna. A Nyirenda anatembenukira njinga yawo n'kuyamba kulankhula nayo mokweza.

"Iwe njinga, ine manja yanga siyanatope. Ukaona munthu wamkulu wa ku Magodi, umuuze kuti mkamwini wake akwela yekha. Iyi njila anaipempha kuti asanyamuliwe. Umuuze kuti kunyamuliwa kunamulemela kupambana miyendo yake."

Kenako kuseri kuja kunamveka mawu a aNyazimba, akulankhula ndi thumba lawo.

"Iwe thumba, ine n'nali kudziwa kuti? Mwana wanga ananiuza kuti atopa. Ine kunyamuliwa sininaonepo kuti ni soni, chinthu chochititsa manyazi. N'nakamba kale pamaso pa azilongosi anga."

"Njinga, umuuze kuti mawu amenewo siniyaiwala mpaka kufa. Koma soni zinali kwa wonyamuliwa, osati kwa woona."

"Thumba, namva." Nsonga ya chitenje ija inasuntha. "Koma ufunseko kwa eni njila. Pa bwalo paja tinali kuyanika na amama anga, ine nikali mtsikana. Lomba pali vinjinga. Akuti anagamula ni a komiti. Kodi mu komiti munalibe munthu amene amadya nshawa za ku Magodi?"

A Nyirenda anayang'ana njinga yawo.

ANyazimba sanadikire yankho. Anatuluka chobwerera m'mbuyo, nkhope atayang'ana kumasitolo, nayamba kuwola mtedza ndi lichero kubwezera m'matumba. Unali usanaume, aliyense ankaona. Friday ndi Jethro anaika timbale tawo pansi n'kuwathandiza kumanga ndi kunyamula. Posakhalitsa simenti inayera kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo chizindikiro chachikasu cha njinga ya olumala chojambulidwa pa mlathopo chinaonekanso.

A Nyirenda anakwawa kubwerera pa njinga, anadzikweza pampando, napalasa. Palibe anawakhudza. Palibenso analuluta. Anafika pa benchi lawo, natsegula bokosi, natulutsa nsapato ya mphunzitsi uja, koma maso awo anali kutsidya kwa msewu kumene kunali masikelo. Anaona wogula akutapa njere m'thumba la aNyazimba, akuiluma, n'kukankha thumbalo ndi phazi. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Mayiyo anakokera matumba ake pafupi ndi bwalo la njinga zamoto, nakhala pansi pambali pake, manja ali pamiyendo. Mtedza wauwisi ukagona m'thumba masiku awiri umachita chuku, ndipo zimenezi a Nyirenda ankazidziwa monga aliyense wa ku Lundazi.

Singano inali isanalowe ndi kawiri komwe m'chikopa pamene anamva phokoso la mtedza ukukhuthulidwa. Mayi wina wachilendo, amene anali atangotsika minibasi ya ku Mwase ndi mwana kumbuyo, anali atapeza simenti yabwino yopanda mwini. Anayala kuyambira pakhonde kutsika, akuyendetsa chikhatho mwaluso, mpaka chizindikiro chachikasu chija chinakwiririkanso.

Uyu sanali apongozi awo. Akanatha kumukalipira mpaka mawu kusasa, ndipo msika wonse ukanawavomereza. A Nyirenda anaika nsapato pansi, nakoka mpweya, natsegula pakamwa. Kutsidya kuja aNyazimba anali atamasula thumba limodzi, akuyesa kuyanika mtedza wodzaza manja awiri pa chitenje chawo, njinga zamoto zikuwathira fumbi. A Nyirenda anatseka pakamwa, natolanso nsapato ija.

Friday, amene ankadutsa m'munsi ndi thumba la makala paphewa, anawaona ali pamwamba, mtedza uli pakati pawo ndi msewu.

"Musadandaule, bwana Nyirenda!" anafuula mokondwa. "Madzulo tibwela tikutsitseni. Mbale yathu talandila kale."